C. S. Lewis, mphunzitsi amene nthano zinamufikitsa kwa Khristu

Makolo ambiri kuno ku Mwanza amadandaula ndi tinyumba toonetsera kanema, m'mene ana amatulukamo akusimba za zombo zouluka kupita kunyenyezi. Ena mwa makolo omwewo, ali achinyamata, anaonera filimu ya The Matrix ya 1999, momwe mpulumutsi wotchedwa Neo amaphedwa kenaka n'kudzukanso, ndipo mzinda wa otsala amoyo umatchedwa Zion. Kodi nthano zoterezi zimamuyandikiza munthu kwa Mulungu kapena zimamusokeretsa? Funsoli si la lero, abale ndi alongo. Clive Staples Lewis analimbana nalo mafilimu amenewa asanapangidwe.

Lewis anabadwa pa 29 Novembala 1898 ku Belfast, pachilumba cha Ireland. Mu 1908 mayi ake anadwala khansa. Mwanayo anapemphera kuti achire, koma anamwalira iye ali ndi zaka 9. Pofika msinkhu wa unyamata anali atasiya kukhulupirira kuti kuli Mulungu. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inangolimbitsa maganizo amenewo: anafika kunkhondo ku France tsiku lomwe ankakwanitsa zaka 19, ndipo mu Epulo 1918 anavulazidwa ndi bomba. Atachira anabwerera kusukulu ya ukachenjede ya Oxford, kumene mu 1925 analembedwa ntchito ya uphunzitsi.

Chinthu chimodzi chinakana kufa mumtima mwake: chikondi cha nthano. Kuyambira ubwana ankawerenga mabuku a H. G. Wells a maulendo a kumwezi, komanso nthano zakale za kumpoto kwa Ulaya zosimba za Balder, mulungu wabwino amene anaphedwa. Nthano zimenezi zinkamupatsa chilakolako cha chinthu chimene sankachidziwa dzina. Koma akatsegula Uthenga Wabwino n'kuwerenga za mtanda, mtima wake unkauma gwa.

Usiku wina mu Seputembala 1931 anayenda ndi anzake awiri achikhristu, J. R. R. Tolkien ndi Hugo Dyson, ndipo anacheza mpaka pakati pa usiku kupitirira. Iwo anamuonetsa kuti ankalola nthano ya mulungu wakufa kumukhudza bola ikhale yopeka, koma nkhani yomweyo ikakhala m'Baibulo ankaikana. Kusiyana kwake, iwo anatero, n'kwakuti ya Yesu inachitikadi, pamalo odziwika, m'masiku a Pontio Pilato. Patapita masiku ochepa, ali pa ulendo wa njinga yamoto ndi mkulu wake Warren wokaona nyama ku Whipsnade, Lewis anakhulupirira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu. Anabwerera mumpingo wa Anglican.

Njira imene inamubweza ndiyo anaigwiritsa ntchito pobweza ena. Anaona kuti mabuku ambiri a zamlengalenga a nthawi yake ankalalikira chiphunzitso chimodzi, chakuti munthu ndi nzeru zake adzalanda maiko onse a kumwamba ndipo sadzasowanso Mlengi. Mu 1938 anatulutsa buku lake, Out of the Silent Planet. M'bukumo mphunzitsi wina, Ransom, akubedwa ndi anthu awiri n'kupita naye ku Mars. Mmodzi akufuna golide, winayo akufuna dzikolo likhale la mtundu wa anthu. Zolengedwa za kumeneko, zooneka moopsa, zikupezeka kuti n'zamtendere, zomvera Mlengi wawo. Oyamba kukhetsa magazi ndi alendo aja. Ife a ku Africa, amene makolo athu anaona obwera pazombo akugawana dziko la eni, sitifunika kutanthauziridwa fanizo limeneli.

Buku lachiwiri, Perelandra la 1943, ndilo lozama kwambiri m'kuona kwanga. Likusimbanso nkhani ya Genesis 3 pa dziko la Venus, kumene mkazi woyamba sanachimwe, ndipo woyesa akumunyengerera usana ndi usiku ndi mawu okoma. Lachitatu, That Hideous Strength, linatuluka mu 1945. Pano n'pamene Lewis akusiyana ndi mafilimu ambiri. Mu Star Wars ya 1977 muli mphamvu yopanda nkhope, yokhala ndi mbali yabwino ndi yoipa, imene munthu amaphunzira kuigwiritsa ntchito. Kwa Lewis Mulungu si mphamvu yoigwira m'manja ngati khasu. Ndi Ambuye amene amalamula, ndipo vuto la chilengedwe si kusowa zida koma kusamvera.

M'zaka za nkhondo yachiwiri anakamba za chikhulupiriro pa wailesi ya BBC, ndipo zokambazo zinasanduka buku la Mere Christianity mu 1952. Pakati pa 1950 ndi 1956 anatulutsa mabuku 7 a ana a Narnia, momwe mkango Aslan umadzipereka kufa m'malo mwa mnyamata wachinyengo. Filimu yake inatuluka mu 2005. Maiko atayamba kuponya zombo mumlengalenga, anthu ankafunsa ngati kupezeka kwa zamoyo kwina kungagwetse Chikhristu. Lewis sanaope zimenezo. Ankaopera zamoyozo, kuti zingakumane ndi ife.

Chikhulupiriro chake chinayesedwanso ndi matenda omwe aja. Mu 1956 anakwatira Joy Davidman wa ku America, ndipo mu 1960 khansa inamulanda mkaziyo. Chisoni chake anachilemba mosabisa m'buku la A Grief Observed, mpaka kufunsa ngati Mulungu amatseka chitseko pamaso pa wolira, koma sanachoke mumpingo. Anamwalira kunyumba kwake ku Oxford pa 22 Novembala 1963, tsiku lomwe pulezidenti John F. Kennedy anaphedwa ku America, kotero imfa yake sinamveke kwenikweni. Kumaliro kwake, kutchalitchi cha Holy Trinity ku Headington Quarry, kunafika anthu ochepa chabe.