Taqi al-Din, woweruza amene anazunguza gudumu ndi nthunzi

Taqi al-Din anabadwira ku Damascus mu 1526, ndipo atakula anakhala woweruza milandu ya Chisilamu ku Egypt. Mu 1551 analemba za chida chootchera nyama: nthunzi ya madzi owira imawomba timapiko ta gudumu, chitsulo chobaya nyama n'kumazungulira chokha. Tingaseke, komatu nzeru yomweyo timaiona ku Nkula, kumene madzi a Shire amakankha mapiko a makina opangira magetsi. M'mainjini a ndege, akatswiri akuyezabe mmene mpweya umavundukira pakati pa mapiko otere, poti ukasokonekera injini imatha mphamvu ili m'mwamba.

Nyumba yake yoonera nyenyezi ku Istanbul inatha kumangidwa mu 1577, koma Sultan Murad III anaigwetsa mu 1580. Iye anamwalira mu 1585.