Paul Nogier, dokotala amene adaona munthu yense m'khutu

Tagwirani khutu lanu. Yambani pansi, pa kanyama kofewa kamene amayi amaboola poika ndolo, kenako kwerani ndi chala mpaka chigwere m'kadzenje kali pafupi ndi bowo lomvera. Inu mwangomva khungu ndi kafupa kofewa. Dokotala wina wa ku France, Paul Nogier, adaonapo mwana wosabadwa atapinda miyendo, mutu uli pansi, monga amakhalira m'mimba masiku akayandikira. Kanyama ka ndolo kaja adakatenga ngati mutu, mzere wotukuka wa m'kati mwa khutu ngati msana, ndipo m'kadzenje muja adaikamo mtima, mapapo ndi matumbo.

Chithunzi chimenechi ndicho chiyambi cha njira yobaya timasingano m'khutu imene lero imatsatsidwa pa intaneti ngati mankhwala a nkhawa ndi kusowa tulo. Ambiri amayesa kuti ndi nzeru yakalekale ya ku China. Kubaya singano m'thupi, kumene pa Chingerezi amati acupuncture, n'kochokeradi ku China, ndipo mabuku awo akale amatchula khutu apo ndi apo. Koma mapu a thupi lonse pa khutu adajambulidwa ku France m'zaka za m'ma 1950. Ngati ndinu kholo, kapena mumathandiza nawo za umoyo m'dera lanu, tsiku lina wina adzakufunsani ngati timasingano timeneti timabweretsadi tulo. Kuti muyankhe bwino, ndi bwino mudziwe zimene mwini njirayi adaona ndi maso ake, ndi zimene adangozikhulupirira.

Nogier adabadwa m'chaka cha 1908 mumzinda wa Lyon, pamene mitsinje ya Rhône ndi Saône imakumana. Bambo ake, a Thomas Nogier, adali dokotala wophunzitsa pa sukulu ya udokotala ya mumzindawo. Mwanayo adayamba waphunzira za uinjiniya asanalowe udokotala, ndipo mtima wofuna kuyeza ndi kujambula chilichonse sudamuchoke mpaka ukalamba. Atayamba kuona odwala, sadakhutire ndi zimene adaphunzira m'kalasi. Ankayesa kuwongola msana ndi manja, ankabaya singano m'thupi monga a ku China, ndipo ankaperekanso mankhwala osungunula kwambiri a homeopathy, amene madokotala ambiri sawavomereza.

Cha m'ma 1951 adayamba kuona chinthu chachilendo. Odwala ena obwera kwa iye adali ndi kachipsera ka moto pamalo amodzimodzi, kumtunda kwa mzere wa m'kati mwa khutu. Atawafunsa, nkhani yawo idali imodzi. Onse adadwalapo ululu uja umayambira m'chiuno n'kutsikira kumbuyo kwa mwendo, umene achipatala amati sciatica, ndipo adapita kwa mayi wina wa ku Marseille, Madame Barrin, amene sadapite kusukulu ya udokotala. Mayiyo ankawatentha pa khutu ndi kachitsulo kamoto, ndipo iwo ankati ululu udatha. Sikuti mayiyo ndiye adayambitsa zimenezi. Magazini a madokotala a ku France adalembapo za kutentha khutu pofuna kuthetsa ululu womwewu cha m'ma 1850, kenako nkhaniyo idaiwalika.

Apa ndi pamene ine ndimamulemekeza mkuluyu. Madokotala ambiri akadangoseka n'kuwadzudzula odwalawo chifukwa chopita kwa asing'anga. Nogier adamvetsera. Adayesa yekha kutentha malo omwewo, kenako adasiya moto n'kuyesa singano. Podziwa kuti ululu umenewu nthawi zambiri umachokera kumunsi kwa msana, adaganiza kuti kadontho kameneka pa khutu kakuimira kumunsi kwa msana. Ngati zili choncho, mzere wonsewo ndi msana wozondoka. Ndipo ngati msana wazondoka, mutu uli pansi. Umu ndi mmene mwana uja adabadwira m'maganizo mwake. Zaka zotsatira adazithera akukanikiza makutu a odwala ndi kachitsulo kosathwa, kufunafuna pamene akumva kuwawa, n'kumalemba: wa bondo wamva apa, wa phewa wamva apo.

Koma taonani pamene padali poterera. Ululu wa sciatica kwa anthu ambiri umachepa wokha pakapita masabata angapo, kaya munthu watenthedwa khutu kaya ayi. Amene adatenthedwa koma osachira sakhala ndi chifukwa chofotokozera anthu za chipsera chawo. Komanso Nogier ankadziwa kale pamene wodwala akumva kuwawa asanagwire khutu lake, ndipo munthu akadziwa chimene akufuna kupeza, chala chake chimachipeza mosavuta. Izi sizitanthauza kuti ankanama. Zitanthauza kuti zimene adaona zinkafunika kuyesedwa ndi anthu ena amene sadazikonde monga iye.

Dziko silidadikire kuyesako. M'chaka cha 1956 Nogier adafotokoza mapu ake pa msonkhano wa madokotala obaya singano ku Marseille. Dokotala wa ku Germany, Gerhard Bachmann, adawamasulira, ndipo mu 1957 adatuluka m'magazini ya ku Germany. Pofika 1958 adali atafika ku China, komwe gulu la achipatala a asilikali ku Nanjing lidawayesa pa anthu ambirimbiri. Njirayi idakondedwa chifukwa idali yotsika mtengo, yosavuta kuphunzitsa anthu othandiza odwala m'midzi, ndipo wodwala sankafunika kuvula kapena kugona pabedi. A ku China adawonjezera malo awoawo n'kuwapatsa mayina awo. Malo otchuka kwambiri pa nkhani ya nkhawa ndi tulo, otchedwa Shen Men, amene ali m'kadzenje ka kumtunda kwa khutu, adachokera kwa iwo, osati kwa Nogier. Mpaka lero mapu a ku France ndi a ku China amasiyana pa malo a ziwalo zina, moti wobaya wina akhoza kukulozerani chiwalo pamalo pamene mnzake akuti pali chiwalo china.

Nogier sadalekere pomwepo. M'zaka za m'ma 1960 adayamba kunena kuti akakhudza khutu, kagundidwe ka mtsempha wa pamkono kamasintha, ndipo kuti ndi chala chake chokha akhoza kudziwa chimene chavuta m'thupi. Mu 1969 adatulutsa buku lake lalikulu, Traité d'auriculothérapie. Pambuyo pake adayamba kuwalitsa kuwala kothwanima pa khutu m'malo mwa singano. Kuona kwanga, uku kudali kulowa m'nkhalango imene anthu ena sakadatha kumutsatira. Chipsera aliyense ankachiona. Kusintha kwa kagundidwe kuja ankakumva ndi iye yekha ndi ophunzira ake.

Nanga nkhawa ndi tulo zidalowa bwanji, poti iye adayambira pa ululu wa mwendo? Zidadzera kwa anthu osuta mankhwala ozunguza bongo. Mu 1972 dokotala wa opaleshoni ya ubongo ku Hong Kong, H. L. Wen, ankabaya odwala m'khutu n'kudutsitsamo magetsi ochepa pokonzekera opaleshoni. Ena mwa iwo, amene ankasuta opium, adamuuza kuti chibaba chawo chachepa. Nkhaniyi idafika ku New York, m'dera losauka la South Bronx, komwe achinyamata a magulu a Young Lords ndi Black Panthers adali atatsegula malo othandizira ogwiritsa ntchito heroin pa chipatala cha Lincoln. Kumeneko kudakhazikika njira ya singano zisanu pa khutu lililonse, ndipo mu 1985 dokotala wa matenda a maganizo, Michael Smith, ndi anzake adayambitsa bungwe la NADA lophunzitsa njirayi. Anthu amakhala pamipando m'chipinda chimodzi, ali phee, kwa mphindi 30 mpaka 45. Safunsidwa mafunso, sakakamizidwa kuulula za moyo wawo. Ambiri amasinza. Kuchokera kumeneko njirayi idafalikira m'ndende, m'malo othandizira ovutika maganizo, ndi kwa anthu opulumuka pa ngozi zazikulu.

Tsono funso ndi lakuti: chimene chikuwakhazika mtima pansi ndi singano, kapena ndi mpando, bata, ndi munthu amene wawagwira mwaulemu?

Pali chinthu chimodzi choona chokhudza khutu. Kanthambi ka mtsempha waukulu wotchedwa vagus, umene umachepetsa kugunda kwa mtima ndi kuthandiza m'mimba kugaya chakudya, kamafika pa khungu la m'kadzenje kaja ndi m'bowo la khutu. N'chifukwa chake anthu ena amatsokomola akamatokosa m'khutu ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi, chizolowezi chimene ndi bwino kuchisiya. Akatswiri akufufuzabe ngati kukhudza mtsempha umenewu ndi magetsi ochepa kungathandize matenda ena. Koma kukhalapo kwa mtsemphawo si umboni wa mapu aja. Palibe amene adapeza njira yochokera pa kadontho ka khutu kupita ku bondo, ku chiwindi kapena ku impso.

Ofufuza atayesa, zotsatira sizidakomere mapuwo. Mu 1984 katswiri wa za ululu ku Canada, Ronald Melzack, ndi mnzake Joel Katz adayesa njira ya Nogier pa anthu 36 odwala ululu wosatha, ndipo malo olozedwa pa mapu sadapose malo ena. Mu 2002 kafukufuku wamkulu ku America adatenga anthu 620 ogwiritsa ntchito cocaine n'kuwagawa patatu. Ena adabayidwa pamalo ovomerezeka, ena pamalo ena a khutu, ena adangokhala pansi kuonera mafilimu okhazika mtima pansi. Pa kusiya mankhwalawo, magulu atatuwo sadasiyane. Pa nkhani ya tulo, akatswiri a Cochrane adaunika mu 2012 kafukufuku 33 wa kubaya singano ndi njira zofanana nako, ndipo adapeza kuti adachitidwa mosalongosoka kotero kuti sangatsimikize kapena kutsutsa phindu lake. Pamene pakuoneka kachiyembekezo ndi pa nkhawa ya kanthawi, monga ya munthu amene akudikira opaleshoni.

Ndiye mayi wina akakuuzani kuti adabayidwa m'khutu ndipo usikuwo adagona bwino, musamutsutse. Mwina adagonadi. Munthu amene tsiku lonse amathamangira ana, msika ndi ngongole, akakhala chete theka la ola wina akumusamalira, thupi limamasuka. Chimene inu muyenera kuyang'anira ndi chitetezo chake. Singano ikhale yatsopano, yotsegulidwa m'pepala lake iye akuona, ndipo itayidwe ikangogwira ntchito. Singano yobwereza imafalitsa kachirombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, chimodzimodzi lezala limodzi lotemera mphini anthu angapo. Kafupa kofewa ka khutu kamalandira magazi ochepa, choncho kakalowa tizirombo kamachedwa kupola ndipo khutu likhoza kupunduka. Likatupa, likatentha kapena likayamba mafinya, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala shuga, omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa achipatala. Timbewu timene ena amamata pa khutu ndi pulasitala sitiboola khungu, koma sitiyenera kuikidwa pa mwana wamng'ono, chifukwa tikhoza kugwera m'bowo.

Choopsa chachikulu si singanoyo ayi, koma kuchedwa. Kusowa tulo kwa masabata ambiri nthawi zina ndi chizindikiro cha matenda ovutika maganizo, makamaka kwa mayi amene wangobereka kumene. Munthu akasiya kudya, akamalira pafupipafupi, akamalankhula zofuna kudzipha, ameneyo afunika chipatala mwachangu. Woliza mkonono kwambiri n'kumabanika kutulo nayenso afunika kuyezedwa. Kwa ena onse, zimene zimathandiza n'zodziwika ndipo n'zaulere: kugona ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, kupewa khofi ndi tiyi wamphamvu madzulo, kusiya mowa ngati mankhwala a tulo, kuika foni patali ndi mphasa, ndi kuyenda pansi masana dzuwa likuwala.

Nogier adakalamba akuphunzitsa madokotala ku Lyon, ndipo ophunzira ake ankachokera m'mayiko ambiri. M'chaka cha 1990, ali ndi zaka 82, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidachititsa msonkhano mumzinda wake womwewo, wokambirana mayina a malo a pa khutu kuti obaya a m'mayiko osiyanasiyana azimvana. Otsatsa njirayi amakonda kutchula msonkhano umenewu ngati umboni wakuti WHO idavomereza mankhwala awo. Ntchito ya msonkhanowo idali ya mayina, osati kuweruza ngati singanozo zimachiza, ndipo ngakhale pa mayina pomwepo sadagwirizane pa malo onse.

Adamwalira ku Lyon mu May 1996 ali ndi zaka 87. Mwana wake, Raphaël Nogier, amenenso ndi dokotala, ndiye adapitiriza kulemba ndi kuphunzitsa za khutu.