Kiichiro Toyoda ndi ciyambi ca Toyota

Kiichiro Toyoda anabadwa m'caka ca 1894 m'cigawo ca Shizuoka, ku Japan. Atate ake, a Sakichi Toyoda, anali mmisiri wa makina oluka nsalu. Iwo anapanga makina amene ankaima okha ulusi ukaduka. Motero nsalu sinkaonongeka, ndipo munthu mmodzi ankatha kuyang'anira makina ambiri.

Kiichiro anakulira pakati pa makinawo. Anaphunzira za umisiri ku yunivesite ya Tokyo, natsiriza mu 1920. Kenaka anayamba kugwira nchito ndi atate ake. Mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku England inagula cilolezo copanga makina awo oluka nsalu ndi mapaundi 100.000. Pa ulendo wake wa ku Europe ndi ku America, Kiichiro anaona magalimoto ambirimbiri m'misewu. Nthawi imeneyo magalimoto ambiri a ku Japan anali a Ford ndi General Motors. Iye anafuna kuti dziko lake lizipanga akeake.

Mu 1933 anatsegula gawo la magalimoto mkati mwa kampani ya makina a nsalu. Nchito inali yovuta. Amisiri anasungunula citsulo ca injini kambirimbiri, koma cinkatuluka colakwika. Iwo sanataye mtima. Mu 1935 anatulutsa lole yoyamba, yochedwa G1. Mu 1937 kampani ya Toyota inakhazikitsidwa. Dzina la banja, Toyoda, analisintha kukhala Toyota.

Kiichiro ankadana ndi kutaya zinthu. Analamula kuti cipangizo ciliconse cizifika kwa mmisiri pa nthawi imene cikufunika, ndiponso mwa ciwerengero cofunikaco basi.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, Japan inali pa umphawi waukulu. Mu 1950 kampani inatsala pang'ono kugwa. Mabanki anavomera kuikongoza ndalama, koma anafuna kuti anchito acepetsedwe. Kiichiro sanafune kucotsa anthu. Anchito nawo ananyanyala nchito pafupifupi miyezi iwiri. Pomaliza anthu oposa 1.600 anacoka. Kiichiro naye anatula pansi udindo wake wa utsogoleri, nacoka pamodzi ndi anthu akewo.

Anamwalira mu 1952, ali ndi zaka 57, akukonzekera kubwerera pa udindowo. Sanaone kukula kwa kampani yake. Mu 1959 mzinda wa Koromo, kumene anamanga fabrika, unapatsidwa dzina la Toyota. Lero magalimoto a Toyota akuyenda m'maiko ambiri, kuphatikizapo Moçambique. Kampani ya atate ake ija ikupangabe makina oluka nsalu.

Mafunso

1. Kodi makina a Sakichi Toyoda ankacita ciani ulusi ukaduka?
2. Kodi lole yoyamba inatuluka caka citi?
3. N'cifukwa ciani Kiichiro anatula pansi udindo wake mu 1950?