MBIRI YA KAZEMBE PAUL VON LETTOW-VORBECK NDI ASILIKARI ACE

Pamene tikumbukira zaka za Mishoni yathu ino, nkoyenera kukumbukanso nkhondo imene inacotsa makolo athu m'midzi yozungulira Limbe, kumene tsopano kuli Kanjedza, Bangwe ndi Ndirande, niwapititsa kutali ndi akatundu pamutu. Akulu anaicha Nkhondo ya Ciwaya, cifukwa mfuti zoomba kosalekeza zinalira ngati cimanga cothetheka m'ciwaya. Ambiri a ife tinamva dzina la nkhondoyo tiri ana, koma owerengeka okha adziwa za munthu amene Angelezi anamlondola zaka zinai osamgwira. Cifukwa cace ndilemba pano mbiri yace, pamodzi ndi zowawa zimene asilikari ace anaziona, ndi zimene iwo anaonetsa anthu ena.

Paul von Lettow-Vorbeck anabadwa pa 20 March, 1870, m'mudzi wa Saarlouis, ku dziko la Ajeremani. Atate wace anali mkuru wa asilikari, ndipo mwanayo analowa sukulu ya usilikari akali mnyamata. M'caka ca 1900 anamtumiza ku China. M'caka ca 1904 anapita ku dziko limene lero lichedwa Namibia, kumene Ajeremani anali kuthira nkhondo Aherero ndi Anama, natumikira pansi pa Kazembe von Trotha. Nkhondo imeneyo inali yoipa kopambana, pakuti Aherero anapitikitsidwa kucipululu kopanda madzi, nafa amuna, akazi ndi ana osawerengeka. Ndipo m'caka ca 2021 Boma la Ajeremani linabvomera poyera kuti kumeneko kunali kupulula mtundu wa anthu. Kumeneko Lettow-Vorbeck analasidwa diso lamanzere m'caka ca 1906, naphunziranso kwa adani ace kumenya nkhondo ya m'thengo, yogwera mdani modzidzimutsa ndi kuzimiririka msanga.

Mu January 1914 anafika ku Dar es Salaam kudzakhala mkuru wa asilikari a dziko la Ajeremani la kum'mawa kwa Afrika, limene mbali yace yaikuru ndiyo Tanzania wa lero. Anapeza Azungu ngati 260 ndi asilikari akuda ngati 2,500 okha. Ambiri a iwo anali ndi mfuti zakale za wonga wofuka utsi, zimene zinaulula pobisala pao akaomba. Pamene nkhondo inabuka ku Ulaya mu August caka comweco, Bwanamkubwa Heinrich Schnee anafuna kuti dzikolo likhale pa mtendere, koma kazembeyo anakana. Anadziwa bwino kuti sangathe kugonjetsa Angelezi, koma anaganiza kuti akawabvuta kosaleka, adzawakakamiza kusunga asilikari ambiri mu Afrika, amene akadapita kukamenyana ndi Ajeremani ku Ulaya. Maganizo amenewa ndiwo anatalikitsa nkhondo m'maiko athu.

Dziko lathu, limene masiku aja linachedwa Nyasaland, linalawa nkhondoyo poyamba pomwe. Pa 13 August, 1914, sitima ya Boma yochedwa Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani yochedwa Hermann von Wissmann pa dooko la Sphinxhaven, tsidya lija la nyanja. Pa 9 September gulu la Ajeremani linagwera Karonga, koma linabwezedwa litataya Azungu ace ambiri ndi asilikari. Manda a ena a iwo ali ku Karonga. Mwazi umenewo ndiwo unacititsa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, kulemba kalata yodandaula kuti anthu osauka ali kufera mlandu umene suli wao.

Kazembe mwini anali kumpoto. Kuyambira pa 2 kufikira pa 5 November, 1914, asilikari a Angelezi ngati 8,000, ocuruka a iwo Amwenye, anatsika m'zombo pa Tanga. Iye anawacingamira ndi anthu ngati 1,000, nawagonjetsa. Ndi njuci zomwe, zitaputidwa ndi zipolopolo, zinaluma a mbali zonse ziwiri. Angelezi anathawira m'zombo zao, nasiya mfuti ndi zipolopolo zambirimbiri pagombe. Koma mu January 1915, pa Jassin, angakhale anapambananso, anataya akapitao ace odziwa nchito, amene sanathe kupeza ena olowa m'malo mwao. Kuyambira pamenepo anapewa nkhondo zazikuru, natumiza timagulu tating'ono kukaononga njanji ya ku Uganda. Timagulu timeneti tinayenda masiku ambiri m'cipululu, ndipo ena anafa ndi ludzu asanaone mdani.

Zombo za Angelezi zinatseka nyanja yamcere, kotero kuti zombo ziwiri zokha zinatha kuwafikitsira zida m'nkhondo yonseyo. Tsono Ajeremani anaphunzira kukhala ndi zinthu za m'dziko. Anasoka nsapato za zikopa za nyama, namanga mabala ndi nsaru za makungwa a mitengo, nadya mafuta a mvuu ndi a njobvu. Kwinini atacepa anaphika makungwa a mtengo wace, namwa madzi ace owawa zedi. Sitima yao ya nkhondo yochedwa Königsberg itamizidwa m'mtsinje wa Rufiji mu July 1915, anazula mizinga yace khumi, ndipo anthu mazana anaikoka ndi zingwe m'mapiri ndi m'matope. Pa nthawi ya mphamvu yao anafika Azungu ngati 3,000 ndi asilikari akuda oposa 11,000.

M'caka ca 1916 adani anamzinga ponseponse. Kazembe Smuts anadzera kumpoto ndi ankhondo a ku South Africa, Abelijiyamu anadzera kumadzulo, ndipo Kazembe Northey anakwera kucokera kuno kwathu mu May. Lettow-Vorbeck anabwerera pang'onopang'ono kumka kumwera, kumenyana pa mitsinje ndi pa mapiri, nacoka usiku asanamtsekere njira. M'madambo a Rufiji mvula inawabvumbwa miyezi yathunthu. Malungo, kamwazi ndi matekenya zinagwetsa anthu ambiri koposa zipolopolo, ndipo kazembe yemwe anadwala malungo kawirikawiri, nayenda pansi monga anthu ace. Mu October 1917, pa Mahiwa, panali nkhondo yoopsa ya masiku anai. Angelezi anataya anthu ngati 2,700, akufa ndi olasidwa, ndi Ajeremani ngati 500. Koma zipolopolo za Ajeremani zinatsala pang'ono kutha.

Pamenepo kazembeyo anacita cinthu cowawa. Anasankha amphamvu okhaokha, nasiya odwala, olasidwa ndi ofoka kuti Angelezi awatole. Pa 25 November, 1917, anaoloka mtsinje wa Rovuma ndi Azungu ngati 300, asilikari ngati 1,700, ndi amtengatenga ngati 3,000, nalowa m'dziko la Apwitikizi. Tsiku lomwelo anagwera linga la Negomano, napha mkuru wace Major Teixeira Pinto ndi asilikari ambiri, nafunkha mfuti, zobvala ndi mankhwala. Kuyambira pamenepo analibenso mudzi kapena nkhokwe. Cakudya cao ndi zida zao zinali zolanda.

Ulendo wao unali wotere. Anadzuka kusanace, nayenda mondondozana m'kanjira kamodzi maora ngati asanu ndi limodzi, kupumula pang'ono atayenda maora awiri. Patsogolo panali ozonda, pambuyo pao asilikari, amtengatenga, odwala m'macila, ndi akazi a asilikari obereka ana kumbuyo. Ena a akaziwo anaona ana panjira, nanyamukanso ulendo osacira. Mzungu amene kale anali ndi anyamata ambiri omtumikira tsopano anabvala nsanza, nagona pansi, nadya nsima ya mapira ndi cinangwa. Wolasidwa kwambiri anasiyidwa pansi pa mtengo kuti mdani amcitire cifundo. Makalata a kwao sanawafike, ndipo ambiri sanadziwe ngati akazi ao ndi ana ao ali moyo.

Komatu tisaiwale eni midzi imene gululo linapitamo. Pofika pamudzi anakokolola m'nkhokwe, nagwira amuna kuti asenze akatundu, ena omangidwa zingwe m'khosi; wothawa anakwapulidwa ndi cikoti kapena kuomberedwa. Pocoka anatentha zotsala kuti owalondola asapeze kanthu. Ndi ankhondo a Angelezi omwe analanda cakudya ndi anthu m'midzi yomweyo. Pambuyo pa magulu onse awiri panatsala njala, ndipo olemba mbiri awerengera kuti anthu wamba amene anafa ndi njala ndi nthenda m'maiko aja anali zikwi mazana.

Apa ndipo mbiri ya munthuyu ikomana ndi mbiri ya makolo athu. Popeza akavalo ndi ng'ombe zinafa ndi kashembe, ndi magalimoto anatitimira m'matope, nkhondo yonse inayenda pa mitu ya anthu. Akatundu anakwera ndi sitima ya pamtunda kucokera ku Chindio kufika ku Limbe, napitirira ku Zomba ndi ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, ndi kuoloka malire. Dziko lathu linapereka asilikari ngati 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Mafumu anaumirizidwa kupereka anthu, ndipo amuna ambiri anagona m'mapiri kuthawa amesinjala a Boma. Mtengatenga anasenza mapaundi 50 kapena 60, napatsidwa phoso locepa, nagona pamvula wopanda copfunda cokwanira. Mwa amtengatenga onse a Angelezi a m'maiko a kum'mawa kwa Afrika anafa oposa 90,000. Aphunzitsi ndi atumiki a Mishoni anapita nao, ndipo Mbusa Robert Napier wa Mishoni ya Blantyre, amene anathandiza kumasulira Buku Lopatulika m'cinenero cathu, anaphedwa m'dziko la Apwitikizi m'caka ca 1918.

Caka cimeneco Ajeremani anayendayenda m'dziko la Ayao ndi la Alomwe. Mu July anagwera Namacurra, pafupi ndi Quelimane, nafunkha zambiri. Pa 30 ndi 31 August anakomana ndi asilikari a kwathu a King's African Rifles pa Lioma, kum'mawa kwa phiri la Mulanje, ndipo ana a dziko lino analimba, namlanda anthu ndi akatundu ambiri. Nthomba ndi cifuwa zinalowanso m'gulu lace. Kumapeto kwa September anaolokanso Rovuma, nazungulira kumpoto kwa nyanja yathu, nalowa m'dziko limene lero ndi Zambia, natenga Kasama. Pa 14 November, pa mtsinje wa Chambeshi, Bwana Hector Croad anamtsimikizira kuti nkhondo inatha ku Ulaya pa 11 November. Pa 25 November, 1918, anatula zida pa Abercorn, ndiko ku Mbala, ali ndi Azungu 155 ndi asilikari 1,168. Asilikariwo anatsekeredwa ku Tabora, kumene nthenda ya fuluwenza inapha ambiri a iwo asanaone kwao, ndi malipiro ao asanalandire.

Mu March 1919 kazembeyo analowa m'mzinda wa Berlin atakwera pa kavalo, makamu a anthu akumpfuulira. Caka comweco anakwatira Martha Wallroth. Koma m'caka ca 1920 anathandiza asilikari ena ofuna kugwetsa Boma, nacotsedwa usilikari. Anacita malonda ku Bremen, nakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira 1928 kufikira 1930, nalimbikira kunena kuti Ajeremani abwezeredwe maiko ao a mu Afrika. Pa nkhondo yaciwiri ana ace amuna awiri anafa, ndi nyumba yace inaonongeka ndi mabomba. Mu umphawi umenewo Smuts, amene kale anamlondola, anamtumizira cakudya. M'caka ca 1953 anacezanso ku Afrika, nakomana ndi ena a asilikari ace okalamba. Anamwalira ku Hamburg pa 9 March, 1964, atatsala masiku owerengeka kukwanitsa zaka 94. Ndipo caka comweco Boma la Ajeremani linapereka ndalama kwa asilikari ace amene anali akali moyo.

Kwa zaka zambiri Azungu anamtama monga ngwazi yosagonja, ndipo nzoona kuti anali wolimba mtima, wocenjera, ndi wopirira zowawa pamodzi ndi anthu ace. Koma nkhondo ya ku Ulaya sinasinthike cifukwa ca iye, ndipo mtengo wa kulimba kwace unalipidwa ndi anthu a m'midzi amene sanadziwe ciyambi ca mlanduwo. Cifukwa ca ici Ajeremani a masiku ano afafaniza dzina lace pa miseu yina ya m'mizinda yao. Ku Zomba kuli nsanja yokumbutsa asilikari athu amene anafa, koma amtengatenga ambiri agona m'thengo popanda cizindikiro. Inu owerenga, ngati m'banja mwanu mukali nkhalamba yodziwa dzina la kholo limene linasenza katundu pa nkhondo imeneyo, ifunseni msanga, nimulembe dzinalo, kuti ana a sukulu yathu adzalidziwe.