Theobald Smith (1859-1934)

Mukamaona alimi akupita ndi ng'ombe kudibi, muzikumbukira Theobald Smith. Dokotalayu anabadwira ku Albany m'dziko la America m'chaka cha 1859. Mu 1893, iye ndi mnzake F. L. Kilborne anatsimikiza kuti nkhupakupa ndizo zimafalitsa matenda a ng'ombe otchedwa Texas fever, omwe kuno timati redwater.

Smith anaona kuti ng'ombe zokulira kumadera a nkhupakupazi sizinkadwala kwambiri, pomwe zobwera kumene zinkafa. Choncho mu 1904 analemba kuti kachilombo kakakhalitsa pakati pa ziweto kapena anthu kamanka kafooka, poti kakapha msanga wodwala nako kamafera pomwepo.

Koma inu aphunzitsi, musawauze ana kuti zimatero nthawi zonse ayi. Kachilombo ka myxoma, komwe anakamwaza ku Australia mu 1950 kuti kaphe akalulu, kanafookadi poyamba, koma akalulu atalimba kanayambanso kulusa. Mu 2021, mtundu wa Delta wa Covid-19 unkadwalitsa kwambiri kuposa woyamba uja. Kachilombo kopambana ndi kofala msanga, kaya ndi kofatsa kaya kolusa.

Smith anamwalira ku New York mu 1934.

Ntchito: Fotokozani chifukwa chake kachilombo kopatsirana munthu asanadwalike sikakakamizika kufooka.