BWANA AMENE ANADYA MBALE IMODZI NDI APHUNZITSI

Inu amene mumagwira ntchito cha ku Victory Park kuno ku Johannesburg mumadutsa pa sukulu ina yotchedwa De La Salle Holy Cross. De La Salle limenelo ndi dzina la munthu, wansembe wa ku France amene anamwalira zaka zoposa 300 zapitazo. Mwezi uno ndati ndikufotokozereni mbiri yake, chifukwa ambirife ana tinawasiya kumudzi, ndipo amene amakhala nawo tsiku lonse ndi mphunzitsi. Ife timangotumiza ndalama ya yunifolomu ndi makope. Mau amene mwanayo amamva kuyambira m'mawa, ndi dzanja limene limamufikira akalakwa, ndi za munthu wina amene mwina sitinamuonepo nkhope.

Jean-Baptiste de La Salle anabadwa pa 30 April 1651 mumzinda wa Reims. Anali mwana woyamba m'banja la mwanaalirenji, bambo ake anali woweruza milandu. Asanakwanitse zaka 16 anali atapatsidwa kale mpando pakati pa akuluakulu a tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, mpando umene unkabweretsa ndalama chaka ndi chaka. Mayi ake anamwalira mu 1671, bambo ake mu 1672, ndipo iye anasiya seminale ku Paris n'kubwerera kwawo kukalera azing'ono ake ndi alongo ake. Anadzozedwa unsembe mu 1678. Kufikira apa, za ana a anthu osauka ndi sukulu zawo sizinali m'mutu mwake n'komwe.

Mu 1679 kunafika ku Reims bambo wina wochokera ku Rouen, dzina lake Adrien Nyel, amene ankafuna kutsegula sukulu zaulere za anyamata osauka. La Salle anamuthandiza monga mmene munthu wolemera amathandizira, kumudziwitsa kwa anthu oyenera ndi kuikapo kangachepe. Koma Nyel anali wosakhazikika. Akatsegula sukulu pano, mawa ali kale ku tauni ina kukatsegula ina, aphunzitsi n'kuwasiya okha opanda wowayang'anira. Ndipo aphunzitsiwo anali anyamata osaphunzira kwenikweni, osauka, ena osadziwa ndi kakhalidwe ka pagulu komwe. Masiku amenewo kuphunzitsa ana a amphawi sinali ntchito yolemekezeka.

La Salle anayamba ndi kuwapezera nyumba ya lendi pafupi ndi kwawo. Mu 1680 anayamba kuwaitana kuti azidya pa tebulo lake. Pa 24 June 1681 anawalowetsa m'nyumba ya makolo ake kuti azigona momwemo. Iye mwini analemba pambuyo pake, mosabisa, kuti poyamba ankawaona anthu amenewa ngati otsika kuposa wantchito wake wa m'nyumba, ndipo kuti akanadziwa kumene nkhaniyi ikamufikitse sakanaiyamba. Ife amene timadyera kuseri kwa nyumba, ndi kapu yathuyathu yosasakanikirana ndi za abwana, sitifunika wotimasulira zimenezi. Achibale ake anapsa mtima koopsa, mpaka anamulanda ena mwa azing'ono ake kuti asaleredwe pamodzi ndi anthu otere. Mu 1682 iye anatuluka m'nyumbamo n'kukakhala ndi aphunzitsi aja m'nyumba ya lendi.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Aphunzitsi ankada nkhawa ndi za mawa, kuti akadzadwala kapena kukalamba, kapena sukulu zikadzatsekedwa, adzalowera kuti. La Salle ankawalimbikitsa kuti akhulupirire Mulungu amene amasamalira zolengedwa zake. Tsiku lina anamuyankha maso ndi maso kuti n'kosavuta kulalikira choncho munthu uli ndi mpando ndi chuma cha makolo, pakuti ntchito ikagwa iye adzabwerera ku zabwino zake, iwo n'kukhala opemphapempha. Wakutsina khutu ndi mnansi. Iye sanawachotse ntchito, ndipo sanawadzudzule kuti ndi amwano. Anaona kuti akunena zoona. Mu 1683 anatula pansi mpando uja, ndipo sanausiyire mng'ono wake amene ankaphunzira za unsembe, monga achibale ankayembekezera, koma wansembe wina wosauka. M'nyengo yozizira yotsatira kunagwa njala, ndipo anagawa chuma chake pogulira anthu anjala chakudya, n'kungotsala ndi kochepa. Pamenepo ndi pamene anakhala ndi pakamwa pouzira mphunzitsi mmene ayenera kukhalira.

Gululo linatchedwa Abulazala a Sukulu Zachikhristu. Sanali ansembe, ntchito yawo inali imodzi basi, kuphunzitsa. Malamulo a m'kalasi anawasonkhanitsa m'buku lotchedwa Conduite des écoles chrétiennes, kutanthauza kayendetsedwe ka sukulu zachikhristu. La Salle sanalilembe yekha ali mu ofesi ayi. Ankakhala pansi ndi aphunzitsi okhalitsa pa ntchito, kukambirana zimene ayesa m'kalasi n'kuona kuti zikuthandiza. Kwa zaka zambiri bukuli linkayenda lolembedwa pamanja. Panalinso buku lina la malamulo a moyo wa Abulazalawo.

Lamulo lalikulu linali loti sukulu ndi yaulere, ndipo mphunzitsi asalandire kanthu kwa mwana kapena kwa kholo, kaya ndalama kaya mphatso, ngakhale yochepa bwanji, ngakhale pa chikondwerero. Chakudya cha aphunzitsi chinkachokera ku parishi kapena kwa anthu akufuna kwabwino amene anaitanitsa sukuluyo. Ena angati kukana dzira limodzi n'kukokomeza. Ine nditero ayi. Pa sukulu ya pulayimale imene ndinaphunzira panali anzathu amene ankabwera ndi mazira ndi nthochi za aphunzitsi, ndipo tonse tinkadziwa kuti chikwapu sichiwapeza amenewo. Ife obwera chimanjamanja ndi amene tinkagona pansi. Ana amaona zonse. La Salle analamula kuti mphunzitsi akonde ana onse, asakhale ndi wapamtima, ndipo ngati mtima upendekera kwina, upendekere kwa osaukitsitsa.

Panali zina zambiri zimene lero timaziona ngati zachizolowezi. Ana ankayamba kuwerenga m'Chifalansa, chilankhulo chawo, osati m'Chilatini monga zinkachitikira m'sukulu zambiri. Ankaphunzira m'magulu pamodzi, osati mmodzimmodzi pa tebulo la mphunzitsi ena akusewera. Mphunzitsi ankapatsidwa kachipangizo ka mtengo kolira kuti thwa, kuti aziitanira ana ndi kuwongolera wolakwitsa popanda kukuwa. Ana ankadyera kadzutsa kusukulu, ndipo panali dengu loponyamo buledi wotsala kuti agawire amene abwera opanda kanthu. Pakutha pa chaka mphunzitsi ankalemba za mwana aliyense, khalidwe lake, zofooka zake, za makolo ake ndi njira imene imamuthandiza, kuti wodzamulandira m'kalasi yotsatira asayambirenso pachabe.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya kujomba. Bukulo limafufuza zifukwa zimene ana amathawira sukulu, ndipo pakati pa zifukwazo limatchula mphunzitsi mwini: wokalipakalipa, wosadziwa kukopa ana, wodalira ndodo pa chilichonse. Mlandu wotere limauika pa mphunzitsi ndi pa womuyang'anira, osati pa mwana.

Tsopano za chikwapu, ndipo pano ndisamuyeretse munthu kuposa mmene analili. La Salle sanathetse kukwapula. Anali munthu wa nthawi yake, pamene kumenya mwana kunali ngati kumwa madzi. Chimene anachita ndi kumanga mpanda. Chilango chizikhala cha apo ndi apo. Mphunzitsi asalange ali wokwiya, adikire mtima ukhale pansi. Asamenye ndi dzanja kapena phazi, asakoke makutu kapena tsitsi, asatchule mwana maina achipongwe. Chikwapu chachikopa chinali cha padzanja, kamodzi, kukachuluka kawiri. Mwana wongoyamba kumene asalangidwe mpaka mphunzitsi atamudziwa mtima wake. Ndipo bukulo limatchula njira zimene mphunzitsi amasandukira katundu wosanyamulika kwa ana, monga kukana kumva chifukwa chimene mwana akupereka, kulimbikira zazing'ono ngati zazikulu, ndi kuiwala kuti iyenso amalakwa. Lero tapitirira pamenepo. Kuno ku South Africa lamulo la 1996 linaletseratu kukwapula m'sukulu, ndipo kholo lili ndi ufulu wokadandaula.

Panalinso malamulo oteteza thupi la mwana. Mphunzitsi asazolowerane ndi mwana mmodzi, asamupatse timphatso tachinsinsi, asamugwiregwire mwamasewera. La Salle sankalola kutumiza Bulazala mmodzi yekha ku sukulu ya kumudzi, ankafuna akhale awiri kapena kuposa, wina aziona mnzake. Chifukwa cha ichi, cha m'ma 1685 anatsegula ku Reims sukulu yophunzitsira aphunzitsi wamba oti akagwire ntchito m'midzi, imodzi mwa zoyambirira za mtundu umenewu.

Musaganize kuti anthu anamuombera m'manja. Atafika ku Paris mu 1688 anakumana ndi aphunzitsi a sukulu zolipira, amene ankaona kuti akuwalanda malonda. Iwo ankati sukulu zaulere zikhale za amphawi otheratu okha, koma La Salle anakana kuyima pakhomo n'kumasankha ana poyang'ana m'thumba la makolo. Anamutengera ku khoti, ndipo mu 1690 ndi mu 1704 analanda mabenchi ndi katundu wa m'makalasi. Ena mwa Abulazala anamwalira ali anyamata chifukwa cha ntchito ndi umphawi, ena anathawa. Pa 21 November 1691, gulu litatsala pang'ono kutha, La Salle ndi anzake awiri, Nicolas Vuyart ndi Gabriel Drolin, analumbira kuti sadzaisiya ntchitoyi ngakhale atatsala atatu okhawo ndi kumadya buledi wopemphetsa.

Koma lamulo lolembedwa silisintha mtima lokha, ndipo zowawa zenizeni zinachokera m'nyumba momwe. Mu 1702 kunamveka madandaulo oti Abulazala ena amene anawaika kuyang'anira achinyamata ankalanga mwankhanza. Mlandu unagwera iye monga mkulu, ndipo Arkiepiskopi wa Paris anasankha wansembe wina kuti alowe m'malo mwake, ngakhale Abulazala anakana kumulandira. Vuyart, uja analumbira naye, anatenga ndalama zimene wansembe wina anasiyira sukulu ya aphunzitsi, n'kuchoka m'gulu. Ndipo ndinene ichinso, pakuti kubisa n'kulakwira ana: m'nthawi yathu ino zinaululika kuti m'nyumba zina zosungiramo anyamata zimene gululi linkayendetsa, Abulazala ena anazunza ndi kugwiririra ana. Kafukufuku wa boma ku Northern Ireland, amene anatuluka mu 2017, anapeza zimenezi pa nyumba ya Rubane. Malamulo aja analipo m'mabuku awo. Amene ankayenera kuyang'anira anatseka maso.

Mu 1712 anagwa m'mlandu wina. Mnyamata wina wa m'banja lolemera, Clément, anamuumiriza kuti agule nyumba ku Saint-Denis yophunzitsiramo aphunzitsi, nalonjeza ndalama. Bambo a mnyamatayo anakasuma kuti La Salle ananyengerera mwana wosakwana zaka zochita pangano, ndipo khoti linagamula mokomera iwo. Ndalama zinapita, dzina linaipa. La Salle anali atapita kum'mwera kwa France, ndipo anakhala komweko zaka ziwiri akuganiza kuti mwina gulu liyenda bwino popanda iye. Ku Grenoble, ali nkhalamba ya zaka zoposa 60, analowa m'kalasi m'malo mwa Bulazala amene anamutuma ulendo, n'kumaphunzitsa tiana kuwerenga ndi kutiperekeza ku tchalitchi pa mzere. Pa 1 April 1714 akuluakulu a Abulazala ku Paris anamulembera kalata yomulamula kuti abwerere, pomukumbutsa lumbiro lake lomvera gulu. Anthu a mtundu uja ankauona wotsika kuposa wantchito wake ndi amene tsopano ankamulamula, ndipo iye anamvera, nabwerera.

Mu 1717 anaonetsetsa kuti Abulazala asankhe mmodzi wa iwo okha kukhala mkulu, ndipo anasankha Bulazala Barthélemy. Kuchokera pamenepo La Salle ankapempha chilolezo kwa iye ngati wina aliyense. Anamwalira ku Saint-Yon, ku Rouen, pa Lachisanu Loyera, 7 April 1719, atatsala milungu itatu kuti akwanitse zaka 68. Anasiya Abulazala pafupifupi 100. Buku lija la kayendetsedwe ka sukulu linasindikizidwa chaka chotsatira, 1720, ku Avignon. Mpingo wa Katolika unamutcha woyera mu 1900, ndipo mu 1950 Papa Pius XII anamuika kukhala nkhoswe ya aphunzitsi onse.

Pokumana Lamulungu likudzali, aliyense abwere ndi dzina la mphunzitsi wa mwana wake kuti tidzawatchule m'mapemphero mmodzimmodzi. Amene simukulidziwa dzinalo, imbani foni kumudzi, ndipo mufunse mwanayo mwini wake, osati agogo okha.