Albert Sabin, Dotolo wa Madontho Awiri

Amayi ambiri a m'maparishi athu adaberekapo mwana kunka naye kusikelo, naona namwino alikumdonthezera m'kamwa madontho awiri a katemera wa poliyo. Koma ngowerengeka amene adziwa dzina la munthu amene adatha zaka pafupifupi 30 alikufunafuna mankhwalawo. Munthuyo ndiye Albert Sabin, ndipo nayi mbiri yake.

Sabin adabadwa pa 26 August 1906 mumzinda wa Bialystok, umene lero uli m'dziko la Poland, koma masiku amenewo unali m'manja mwa mfumu ya ku Russia. Makolo ake anali Ayuda, ndipo Ayuda a kumeneko ankakhala mwamantha chifukwa cha mazunzo. M'chaka cha 1921 banja lonse lidawoloka nyanja kunka ku America, mnyamatayo asanadziwe Chingerezi. Mbale wina adalonjeza kumlipirira sukulu kuti aphunzire udotolo wa mano. Sabin adayambadi, koma mtima wake unali pa tizilombo toyambitsa matenda. Atasiya za mano thandizo lija lidatha, nadzivutikira yekha kufikira adatsiriza maphunziro a udotolo ku New York University mu 1931.

Chaka chomwecho mliri wa poliyo udagwa mu New York. Nthendayi imagwira makamaka ana: mwana atentha thupi masiku owerengeka, kenaka mwendo kapena mkono ulefuka osadzalimbanso, ndipo ena amafa polephera kupuma. Dotolo wachinyamatayo adaona zimenezi ndi maso ake, natsimikiza mtima kulimbana nayo.

Mu 1939 adakakhala ku chipatala cha ana cha ku Cincinnati. Nthawi imeneyo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti kachilomboka kamalowera m'mphuno. Sabin adapima mosamala mitembo ya anthu ofa ndi poliyo, napeza kuti kamalowera m'kamwa pamodzi ndi chakudya kapena madzi oipitsidwa ndi chimbudzi, nikaswana m'matumbo, ndipo mwa anthu owerengeka kamapitirira kukaononga mitsempha ya mumsana. Tsono adaganiza kuti mdani wolowera pakamwa ayenera kutsekerezedwa pakamwa pomwepo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idadukiza ntchitoyi, pakuti adakatumikira ngati dotolo wa asilikali, koma itatha adaibwerera.

Mu April 1955 dziko lidakondwera pakumva kuti katemera wobaya wa dotolo wina, Jonas Salk, wopangidwa ndi kachilombo kakufa, alikuteteza ana. Sabin sadakhutire. Iye ankafuna kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, koti mwana amwe, kuti matumbo omwe aphunzire kukana nthendayo ndipo mwanayo asaipatsirenso anzake. Katemera wotere ngwotsika mtengo, safuna singano, ndipo munthu wamba angathe kumpereka. Tisabise kuti Sabin anali munthu waukali ndi wa mawu olasa. Mkangano wake ndi Salk sudathe kufikira imfa, ngakhale onse awiri ankatumikira ana amodzimodzi.

Asanapatse wina aliyense, adayamba wamwa yekha mankhwala akewo. Pambuyo pake adamwa akaidi ena odzipereka a ku Chillicothe, ndiponso ana ake aakazi awiri. Koma ku America ana ochuluka anali atabayidwa kale katemera wa Salk, kotero padalibe poyesera mokwanira. Thandizo lidachokera kosayembekezeka. Ngakhale America ndi Soviet Union anali pachidani choopsa, dotolo wa ku Russia, Mikhail Chumakov, adagwirizana ndi Sabin, ndipo mu 1959 anthu mamiliyoni ambiri a kumeneko adamwa katemerayo, poliyo nichepa kwambiri. Lamulungu pa 24 April 1960 makolo a ku Cincinnati adayamba kubwera ndi ana awo kudzamwa, ndipo mu 1961 ndi 1962 boma la America lidavomereza mankhwalawo.

Apa ndi pamene padaoneka ukulu wa munthuyu. Akadafuna, akadalembetsa katemerayo ngati chuma chake nalemera koposa. Iye adakana, ndipo mu 1972 adapereka mbewu za katemera wake kwa bungwe la World Health Organization kuti maiko osauka azimpeza mosavuta. Mu 1983 iye mwini adadwala nthenda ya msana imene idamlefula ziwalo kwa kanthawi ndi kumpweteka koopsa, nalawa zowawa za ana amene adawagwirira ntchito. Adamwalira ku Washington pa 3 March 1993.

Ntchito yake ikali kupitirira. Pamene maiko adapangana mu 1988 kuti athetse poliyo padziko lonse, nthendayi inkapuwalitsa ana ngati 350,000 pa chaka m'maiko 125. Lero kachilombo kachilengedwe katsala ku Pakistan ndi Afghanistan kokha, ndipo mu 2020 Africa idalengezedwa kuti yamasuka. Komabe mu February 2022 kudamveka kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapuwala ndi kachilombo ka mtundu wa ku Pakistan, ndipo chaka chomwecho ana ena adapezeka nako ku Tete. Tidziwenso kuti kumene ana ambiri salandira katemera, kachilombo kofooketsedwa kaja kangathe kuyendayenda mwa osatetezedwa kufikira kapezanso mphamvu. Nchifukwa chake azaumoyo amabwerezabwereza, nafuna kuti pasatsale mwana ndi mmodzi yemwe.

Akhristu okondedwa, Sabin sanali wa Eklezia wathu, koma Mulungu amagawa nzeru kwa amene afuna, ndipo Msamariya wachifundo uja naye anali mlendo. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu akatekisiti, polengeza za tsiku la katemera itatha Misa, kumbutsani makolo kuti kusamala moyo wa mwana ndi udindo umene lamulo lachisanu la Mulungu liwapatsa. Mukamva kuti pakhomo pena akubisa ana chifukwa cha mphekesera, pitani mukacheze nawo mofatsa, ndipo muwauze mbiri ya dotolo amene adayamba wamwa yekha madonthowo asanapatse ana ake.